Alamu anga akufuna kubwereka masheya a malemu bambo, akuti short selling

A admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali abale.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilobwe, ndimagulitsa zitenje mu Limbe. Bambo athu anatisiya chaka chatha. Anasiya masheya omwe ankagula pang'onopang'ono akadali pantchito, mapepala ake ali m'sutikesi mwawo momwemo pamodzi ndi mabuku a kuchipatala. Tsopano alamu anga, amuna a mng'ono wanga, abwera ndi nkhani yoti tiwabwereke masheyawo kwa miyezi itatu. Akuti akagulitsa panopa mtengo uli m'mwamba, ukadzatsika adzagulanso n'kutibwezera onse osaperewera, ife n'kutipatsa kangachepe pamwamba. Akuti imeneyi ndi short selling, kunja anthu amalemera nayo.

Chondivuta n'chakuti alamu omwewa pamaliro sanasonkhe ngakhale mtolo wa nkhuni, anangofika tsiku loika n'kumajambula ndi foni. Wilibala yathu anabwereka pomanga mpanda ku Machinjiri, inabwera yopanda tayala. Mng'ono wanga wasiya kundiyankha pa WhatsApp chifukwa nkhani ya wilibalayo ndinaitchula pamaso pa apongozi ake. Mayi athu BP yakwera, usiku sakugona. Ine sukulu ndinalekera fomu 2. Kodi munthu angagulitse bwanji chinthu choti si chake, n'kupindula mtengo ukatsika? Zilipodi zimenezi kapena akufuna kutidyera masuku pamutu?

Mkulu wa ku Bangwe: MUSAPEREKE! Mayi, ndabwereza, musapereke. Ine mu 2019 anandibwerera anyamata ovala masuti, akuti ikani K300,000 pakutha mwezi mutenga K450,000. Mwezi woyamba analipira, ndinaitana mkazi wanga, ndinaitana a kwaya onse. Mwezi wachitatu ofesi tinaipeza muli munthu akugulitsa matayala. Mpaka lero kutchalitchi ena sandipatsa moni. Chilichonse chokhala ndi dzina la chizungu lomwe simungalitchule bwino ndi umbava basi.

Nabanda: Akulu a ku Bangwe pepani ndi zomwe munaona, koma zija zinali zina. Short selling ilipo ndithu pa misika ya masheya. Achemwali, ganizani za chimanga. Mwezi wa February, nthawi ya njala, mwabwereka thumba limodzi kwa aneba, mwagwirizana kuti mudzabweza thumba, osati ndalama. Mwagulitsa tsiku lomwelo, tiyerekeze K50,000. Pofika May anthu akolola, thumba lili pa K30,000. Mwagula, mwabweza kwa aneba, K20,000 yatsala m'manja mwanu, kuchotsapo kamene munalonjeza kuwathokoza nako. Ndi momwemo. Wobwereka masheya amakhala akubetcha kuti mtengo utsika. Koma mvula ikakanika, May n'kufika thumba lili pa K90,000, aneba akufunabe thumba lawo. Mugula pa mtengo umenewo, kufuna kusafuna.

Mkulu wa ku Bangwe: Mwamva? Anena okha kuti kubetcha. Ine ndimanena chiyani?

Mtumiki wa ku Zingwangwa: Imeneyi ndi juga yovala tayi. Munthu kumagona n'kumapemphera kuti kampani ya anzake igwe, antchito achotsedwe, iye adye? Chuma cha masiye sachitira zimenezo. Mayi, tengani mng'ono wanuyo mukakhale pansi ndi akuluakulu a mpingo, mizimu ya kusagwirizana yalowa m'banja mwanu.

Mnyamata wa ku MUBAS: Abusa, si nthawi zonse. Ochita short selling ena ndi amene amatulukira kuti mabuku a kampani ndi abodza anthu wamba asanadziwe. Koma kuopsa kwake n'kwakuti ukagula sheya, ikagwa umangotaya zomwe unaikamo. Ukagulitsa yobwereka, phindu lili ndi malire chifukwa mtengo sungatsike kupyola ziro, pomwe kukwera kulibe denga. Ku America mu January 2021 sheya ya GameStop, kampani yogulitsa magemu a pakompyuta, inali pansi pa madola 20 kumayambiriro kwa mwezi, pa 28 January inafika madola 483. Anthu wamba anamemana pa intaneti kumagula, amene anabwereka n'kugulitsa anakakamizika kugulanso pa mtengo wokwera, kugula kwawoko n'kumakwezanso mtengo. Melvin Capital, kampani yoyendetsa ndalama za anthu yomwe inabetcha kuti sheyayo itsika, inataya ndalama zopitirira theka mwezi umodzi womwewo. Amenewo anali akatswiri okhala ndi mabiliyoni. Volkswagen, kampani ya magalimoto ya ku Germany, nayo mu October 2008 inachita chimodzimodzi, sheya imodzi kudutsa mayuro 1,000.

Mkulu wa ku Bangwe: Iwe mwana, mayiwa ali ku Chilobwe, iwe ukutiuza za Germany? Kuwerenga kwambiri kumeneku ndi komwe kunatipweteka. Anyamata a masuti aja nawonso ankalankhula chonchi, manambala ali mbwee.

Mnyamata wa ku MUBAS: Bambo, ine ndikugwirizana nanu kuti asapereke, mukundikalipiranji?

Che Jafali wa ku Ndirande: Munthu wolephera kubweza tayala la wilibala abweza masheya? Ayambe wabweza tayala kaye tione.

Nabanda: Achemwali, funso lomwe simunatiuze: masheyawo panopa ali m'dzina la ndani? Ngati akadali m'dzina la malemu, inu, mng'ono wanu kapena alamuwo palibe amene angawagulitse kapena kuwabwereketsa mpaka nkhani ya chuma cha masiye itayenda mwa lamulo. Bambo anasiya wilo? Ndipo ndi a kampani iti, ya pa msika wathu wa Malawi Stock Exchange kapena ya kunja?

Mwini funso: Zikomo nonse. Che Jafali mwanena zoona, ndipo si wilibala yokha, palinso mapoto awiri aakulu a pa chinkhoswe. Lero m'mawa alamuwo atumiza mwana kuti adzatenge sutikesi ija akafotokope mapepala, mayi akana. Mng'ono wanga akuti ine ndi wansanje chifukwa iye anakwatiwa ndi wophunzira.

Mkulu wa ku Bangwe: SUTIKESIYO IKAGONE KWANU LERO. Muikhome ndi loko. Ine msuweni wanga anatenga mapepala a puloti ya malemu amalume ku Chirimba ponena kuti akafotokope, lero pamalopo pali nyumba ya munthu wina. Fotokope, fotokope, anthu amalira nayo fotokope imeneyi.

Mayi a mapasa: Ine nkhani za masheya ayi, koma BP ya mayi musaitenge mwachibwana. Achepetse mchere ndipo mankhwala asadumphitse. Anga anagwa kubafa chifukwa cha nkhani ngati zomwezi za katundu.

Wa ku Joni: Ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg ndipo ndinaonako momwe zimayendera. Kubwereketsa masheya kwenikweni sikuchitika pakhonde pakati pa munthu ndi mlamu wake. Zimadutsa kwa broker (wogulira ndi kugulitsira anthu masheya) kapena banki yosunga masheya, pamakhala mgwirizano wolemba. Wobwereka amaika chikole, kawirikawiri choposa mtengo wa masheya omwe watenga, ndipo mtengo ukakwera amauzidwa kuti awonjezere chikolecho. Amalipiranso chiwongoladzanja cha kubwerekako. Kampani ikapereka dividendi (phindu logawira eni masheya) nthawi imeneyo, wobwereka amayenera kulipira mwini wake ndalama yofanana nayo. Mwini amataya mwayi wovota pa msonkhano wa kampani mpaka masheya atabwerera, koma angathe kuwaitanitsa. Obwereketsa ambiri ndi mabungwe a penshoni ndi a inshuwalansi okhala ndi masheya ochuluka. Ndiye afunseni alamuwo kuti chikole chawo n'chiyani. Akati palibe, ndiye kuti akungokupemphani kuti mugulitse masheya a bambo anu n'kuwapatsa ndalama.

Mkulu wa ku Bangwe: A ku Joni mwalemba zambiri koma mfundo ndi yanga yomwe ija. Ndiponso ndani anakuuzani kuti mtengo utsika? Ine nditapsa kuja ndinaphunzira, mu 2020 ndinagula a FDH pa K10 imodzi ndi a Airtel pa K12.69, ndinangowasiya osawakhudza. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anasunga ndalama m'nyumba analira, ine ndinali phee. Masheya ndi ngati mbuzi, umaweta, subwereketsa.

Mtumiki wa ku Zingwangwa: Akulu, ndiye inunso muli m'gulu lomwelo la juga.

Mkulu wa ku Bangwe: Abusa musandiyambe. Kugula gawo la kampani ndi juga? Nanga banki m'khonde ya amayi a kumpingo kwanu ija imakongoza pa 20 peresenti, imeneyo ndi chiyani?

Nabanda: Abale tabwererani kwa mwini funso. Achemwali, Lolemba tengani mapepalawo inuyo ndi mayi, mupite kwa broker wovomerezeka, mayina awo mukawapeza ku ofesi ya Malawi Stock Exchange mu Victoria Avenue m'tauni momwemu. Akakuuzani kuchuluka kwa masheyawo, mtengo wake lero, ndi ngati pali dividendi yomwe simunatenge. Mukafunsenso komweko ngati zomwe akunena alamuzo zingatheke pa masheya amenewo. Za kusintha dzina mukayambire kwa Administrator General (ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye) kapena kwa DC. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa malemu. Musasaine pepala lililonse lomwe simunalimve. Koma ndiyankheni, ali m'dzina la ndani?

Che Jafali wa ku Ndirande: Mapoto a chinkhoswe aja ndi a saizi yanji? Ndikufunsira mlongo wanga, ali ndi ukwati mwezi wa mawa.

Mwini funso: A Nabanda zikomo, Lolemba ndili ndi katundu wobwera kuchokera ku Mwanza ndiye mwina Lachitatu. Sutikesi ndaitenga ili kuno. Panopa mng'ono wanga waimbira amalume a ku Thyolo kuti ine ndaba mapepala a bambo, akuti akubwera Loweruka. Kodi amalumewo ndiwauze za wilibala kapena ndingokhala chete?