Tatolera K780,000 koma mabanja afika 34, tigawe bwanji osadana?

NaBanda_Chilobwe analemba:

Moni nonse. Ndikulemba usiku uno chifukwa tulo tandithawa, Loweruka kuli msonkhano umene ndikuuopa.

Ndine msungichuma wa kagulu ka anthu 19 kuno ku Chilobwe. Si bungwe lolembetsa ayi, tilibe ofesi ngakhale chidindo. Tinayamba mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zija zitatsikira m'nyumba za anthu. Nthawi imeneyo ntchito yathu inali kuphika nsima ndi kutunga madzi kukampu. Makampu atatsekedwa, magalimoto a mabungwe atasiya kubwera, ife tinatsala ndi gulu la pa WhatsApp ndi kope limodzi la chikuto cholimba. Tinagwirizana kuti tisabalalike, poti tinaona kuti mavuto a mabanja ena sanayambe ndi Freddy, ndipo sanapite naye.

Kuyambira September tatolera K780,000. Mamembala amapereka K2,000 pamwezi, pa miyezi inayi zakwana K152,000. Big walk yathu, kuchokera kuno kudzera ku Zingwangwa mpaka pa Kamba, inabweretsa K213,000, miyendo inatupa koma a maminibasi anaponyamo ndithu m'ndowa. Zovala zimene anthu anatipatsa tinakagulitsa pamsika, K115,000. Yotsalayo, K300,000, inatumizidwa ndi mwana wa konkuno amene ali ku Leeds, ku Mangalande.

Mayina tinali nawo 12. Mbiri itangomveka yoti kwa Nabanda kuli ndalama, mndandanda wafika 34. Amfumu atumiza mayina 6 pakapepala, ndipo awiri mwa anthuwo ndikuwadziwa, ali ndi nyumba zalendi. Membala wathu wina walembetsa mng'ono wake. Pomwe pali agogo ena akulera zidzukulu zinayi, anawo masiku a sukulu amapulumukira phala la Mary's Meals, koma holide ikafika ndiye basi. Pali bambo wina wa kabaza anathyoka mwendo mu October, njinga inali ya abwana ake, anailanda, lendi yakwana miyezi itatu osalipira.

Tikagawa mofanana kwa onse 34, aliyense alandira ndalama yosafika K23,000. Zimenezo ndi kungopaka mafuta pamilomo. Ena m'gulu akuti tigule ufa, ena akuti tipereke ndalama m'manja, ena akuti mpamba wa geni. Kuwonjezera apo, mwana wa ku Leeds uja akufuna zithunzi za anthu akulandira, kuti aonetse anzake amene anasonkha naye. Ine mtima wanga ukukana kujambula agogo aja atanyamula thumba, koma ndikuopanso kuti akakhumudwa sadzatumizanso. Amene munachitapo zoterezi, munkatani?

MphunzitsiWopuma_Thondwe anayankha:

Mayi Nabanda, pepani ndi udindo. Ndinakhalapo mlembi wa komiti yotere kumphakati kwathu kwa zaka 7, ndiye usiku wopanda tulowo ndikuudziwa.

Chaka choyamba ife tinalakwitsa poyamba ndi mayina. Mukayamba ndi mayina, aliyense amateteza dzina limene wabweretsa, ndipo mukalikana amaona ngati mwanyoza iyeyo. Tinakangana mpaka amayi awiri anasiya kupatsana moni kutchalitchi. Chaka chotsatira tinatseka kope, n'kuyamba kugwirizana kaye kuti banja loyenera thandizo ndi lotani, dzina la munthu osalitchula. Apa tinabwereka nzeru ya Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Kumeneko sayang'ana umphawi wokha, amayang'ananso ngati pakhomopo pali munthu wamphamvu woti n'kugwira ntchito. Wosauka amene angathe kupita kuganyu ndi wosiyana ndi nkhalamba yolera ana amasiye, kapena bambo wanu wa kabazayo amene mwendo uli m'chikhakha. Mfundo zikalembedwa, aliyense n'kuvomera pamaso pa anzake, ndiye mutsegule kope. Mudzaona kuti mayina ena akugwa okha, popanda woti aloze chala.

Kenako yenderani makomowo awiriawiri, ndipo pasapezeke woyendera m'bale wake. Osalengeza tsiku. Ife tinkapita cha m'ma 12 koloko masana. Simufunikanso kufunsa zambiri, mbaula imakuuzani yokha ngati pagona moto kapena ayi. Tinapezanso kuti ovutikitsitsa ena sanali pamndandanda n'komwe, chifukwa amanyazi salembetsa.

Za amfumu, musawakanire pagulu. Pitani kwawo ndi akuluakulu awiri, muwawerengere mfundo zija mwaulemu, muwapemphe kuti adzakhale mboni tsiku logawa. Athu titawapatsa mpando wakutsogolo, za kapepala kawo sanazitchulenso.

Simunanene kumene ndalamazo zikugona. Ngati zili m'nyumba mwanu, zichotseni mawa lomwe. Sindikukayika inu, ndikuopera dzina lanu. Bokosi la banki m'khonde limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo si chifukwa chakuti onsewo ndi akuba. Ikani pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pa nambala ya gulu, foni asunge wina, nambala yachinsinsi adziwe wina. Msonkhano uliwonse muziwerenga mokweza zolowa ndi zotuluka, mpaka K500 ya minibasi.

Chomaliza sichikuthandizani chaka chino. Chimanga chogula mu January ndi chodula, amadyerapo ndi mavenda. Big walk yanu idzachitike mu April, mudzagule mu May kapena June anthu akungokolola kumene, muthire mankhwala a anankafumbwe, musunge. Ndalama yomweyo idzadyetsa makomo ambiri. Ndipo mukapereka chimanga musaiwale yakuchigayo. Ife tinapatsapo agogo ena ndowa ziwiri, patapita sabata tinawapeza atagulitsa theka kuti apeze yogayitsira ndi yamchere. Tinachita manyazi ndife.

Mlongo_ku_Joni anayankha:

Achemwali, ine ndiyankhe za zithunzizo, poti ndili mbali ya otumizafe.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kuno ku Joni. Kuno timasonkherana pafupipafupi, makamaka mnzathu akamwalira kuti thupi lipite kumudzi, ndiye ya Mukuru imene timatumiza kwathu imakhala yochotsa pakamwa. Mwana wa ku Leeds uja musamuone ngati wonyada. Wapsapo, kapena anzake anapsapo. Ife tinasonkhapo ya malata a mayi wina wamasiye kwathu, wolandira ndalama anatitumizira chithunzi cha nyumba yofolera bwino, tonse tinaomba m'manja pa WhatsApp. Nditapita pa Khirisimasi ndinapeza mayi uja akugonabe m'nyumba yodontha. Chithunzi chija inali nyumba ya munthu wina, mudzi winanso.

Ndiye chithunzi si umboni. Chimene ife timafuna ndi kudziwa kuti sitinapusitsidwe. Mujambulireni tsamba la kope lanu, malisiti a kumene mwagula, matumba ataunjikidwa asanagawidwe, ndi inu a komiti mutaima pambali pake. Olandira asayine kapena adinde chala, pepalalo mumuonetse iye yekha, osaliponya pagulu. Akafuna, mumuimbire pa vidiyo tsiku lowerenga ndalama amve yekha.

Ndili ndi chifukwa chinanso. Njala ya 2002 inandipeza ndili Sitandade 5. Tinaima pamzere ndi mayi anga kulandira ufa, kunabwera anthu ndi makamera. Mayi anaphimba nkhope ndi chitenje, wina anawauza kuti achotse kuti chithunzi chioneke bwino. Anachotsa, nanga akanatani, ufa ankaufuna. Sanalankhule njira yonse yobwerera kunyumba. Lero kuli Facebook, chithunzi cha agogo anuwo chidzaonedwa ndi anzawo a zidzukulu zija kusukulu. Muuzeni mwanayo zimenezi mosabisa, ndikhulupirira amva.

Jah_Mbayani anayankha:

Amayi, ine ndilankhule mosapsatira. Ufa umatha. Mupereka lero, pakutha pa masabata awiri abweranso pakhomo panu, ndiye mudzayendanso big walk? Sankhani anthu 10 okha, aliyense K78,000, ayambe geni ya tomato, makala, mandasi, aloweretu banki m'khonde. Ine ndinayamba ndi mpamba wochepa kuposa pamenepo, lero ndili ndi benchi yanga ya ma charger ndi makava a foni. Zogawa ufazi zikungozoloweretsa anthu kupempha.

Mayi_a_Mvano_Kawale anayankha:

Achimwene a ku Mbayani, geni yanu Mulungu aidalitse, koma pamene munkayamba munali ndi miyendo iwiri yabwino ndipo simunkalera zidzukulu zinayi. Nyumba ya njala imadya mpamba. Ife ku Mvano tinayesa, tinapatsa amayi 8 ndalama ya geni mu January. Pofika March, 6 anali atadya, ndipo sindiwanena, mwana akulira usiku simungamuuze kuti iyi ndi ya tomato. Choipa kwambiri, awiri anakatenga katapila kuti abweze mpamba uja poopa kutichititsa manyazi. Tinawalowetsa m'dzenje ndife. Kuyambira pamenepo timayamba ndi chakudya, mpamba umabwera pambuyo, ndipo umapita kwa amene anagulitsapo kale malonda, akudziwa kopikula ndi kogulitsa.

Kumbukiraninso kuti kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu November 2023, amayi ambiri a timabenchi anagwa osati chifukwa cha ulesi. Ndalama imene inkapikula dengu lonse inayamba kupikula theka. Oterowo ndi amene mpamba ungawadzutse.

Koma Mayi Nabanda, ine ndadabwa kuti nkhani yonse yakhala ya K780,000, ngati kuti ndicho chuma chokha muli nacho. Muli ndi anthu 19. Mabanja amene sadzalandira kanthu musangowafufuta m'kope. Agogo amafuna wowatungira madzi, wowachapira, wowaperekeza kuchipatala tsiku lolandira mankhwala, poti ena amadumphitsa ma ARV chifukwa chosowa wowayendetsa ndiponso poopa kumwa m'mimba muli gwa. Bambo wa kabazayo mwina chimene akufunitsitsa ndi akuluakulu awiri oti akakhale pansi ndi alandilodi, kupempha kuti adikire mpaka mwendo upole. Ife tinachitapo, alandilodi anakhululuka mwezi wathunthu, chifukwa choti anachita manyazi kukaniza amayi ovala yunifolomu ya Mvano. Tili ndi kandandanda ka Lachinayi, tikatuluka kumapemphero awiri amapita uku, awiri uko. Sipatuluka ndalama, koma ndi zimene anthu amatikumbukira nazo pamaliro.

Ndipo inu nomwe mudzisamale. Msungichuma ndi amene amatukwanidwa, ngakhale zisankho apanga ndi gulu. Tsiku lolengeza alankhule ndi wapampando, inu mungogwira kope.

NaBanda_Chilobwe anayankha:

Zikomo nonse, ndabwera kudzakuuzani mmene zathera. Aphunzitsi, ndalama zinalidi pansi pa matiresi, munandigwira. Lachisanu tinakaziika pafoni, ndipo usiku umenewo ndinagona ngati mwana.

Msonkhano unatenga maola anayi. Tinayamba ndi mfundo kope lili chotseka, monga munanenera. Titayendera makomo Lolemba ndi Lachiwiri, pa 34 paja patsala 13, kenako tawonjezera banja limodzi limene silinalembetse n'komwe, mtsikana wa zaka 16 amene akulera azing'ono ake awiri kuseri kwa chigayo. Tonsefe timadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, palibe ankadziwa.

Tagwirizana kuti K520,000 ipite ku chimanga, nyemba ndi yakuchigayo ya mabanja 10, tigawa kawiri, mu January ndi mu February, kuti zisathere kamodzi. Amayi atatu amene anali ndi mabenchi kale alandira K50,000 aliyense ya mpamba. Achimwene a ku Mbayani, pamenepo mwapambanako pang'ono. K60,000 yapita kwa alandilodi a bambo wa kabaza, ndipo avomera kudikira yotsalayo. K50,000 tasiya pafoni ya mwadzidzidzi. Yochotsera ndalama kwa ejenti tasonkherana tokha.

Mwana wa ku Leeds ndinamuimbira, ndinamufotokozera za mayi anu achemwali a ku Joni, dzina osatchula. Anakhala chete pang'ono, kenako anati malisiti ndi tsamba la kope zikwanira. Amfumu avomera kudzakhala mboni, ngakhale nkhope sinali yosangalala kwenikweni.

Chimene chikundiwawa ndi membala uja analembetsa mng'ono wake. Dzinalo linagwa chifukwa mwamuna wa mng'ono wakeyo ali pantchito ya ulonda. Membalayo sanakangane, anangonyamuka msonkhano usanathe, madzulo ake watuluka pagulu la WhatsApp. Ndi amene ananyamula ndowa tsiku la big walk kuchokera kuno mpaka pa Kamba, ndipo poto wamkulu amene tinkaphikira kukampu ndi wake. Mawa ndikupita kwawo ndekha, kope ndilisiya kunyumba.

Pakadali pano, alipo amene wagula nyemba pa Lunzu sabata ino? Ndikufuna kudziwa ngati kupita kumeneko kungapindule tikachotsera thiransipoti, kapena tingogula ku Limbe konkuno.