Nyimbo za kalulu pa wailesi: ziyambe ziti, zichoke ziti?

Nachisale:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikukonza pulogalamu ya mphindi 30 pa wailesi ya m'dera, mutu wake nyimbo zokamba za kalulu kuchokera m'mitundu yosiyanasiyana ya mayimbidwe. Zomwe ndatolera ndi izi: White Rabbit, Bright Eyes, Run Rabbit Run, Cotton Tail, Rabbit Run ya Eminem, Rabbit ya Chas & Dave ndi Rabbit in Your Headlights. Vuto ndi lakuti ndikazindanda, zikumveka ngati munthu akungosinthasintha masiteshoni. Ina ikugonthetsa m'khutu, ina mpaka ukweze voliyumu kuti uyimve. Ndichotse ziti? Nanga Kalulu wathu wa m'nthano alowa pati? Pulogalamuyi ndi ya Loweruka madzulo, omvera ake makolo ndi ana.

aMbewe:

Achemwali, yambani ndi kupeta, chifukwa zitatu mwa nyimbo zanuzo mulibe kalulu ngakhale khutu lake. Ya Chas & Dave ya 1980 ikudandaula za mkazi wolongolola; m'kayankhulidwe ka ku East End ya London dzina la nyamayi limayimira kulongolola. Ya Eminem ili pa chimbale cha filimu ya 8 Mile ya 2002, ndipo B-Rabbit ndi dzina la mnyamata wa m'filimumo. Muli kutukwana, komanso ilibe kolasi, ndi vesi imodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndiye mulibe podulira pabwino. Rabbit in Your Headlights ya UNKLE ndi Thom Yorke ya 1998 ikufanizira munthu ndi kanyama kouma gwa ndi magetsi a galimoto, ndipo imapitirira mphindi 6. Pa pulogalamu ya mphindi 30 imeneyo yokha yadya gawo limodzi mwa magawo asanu. Zitatuzi zichoke.

Zotsalazo musazindande potsata mtundu wa nyimbo kapena chaka. Funsani kuti kaluluyo akuchita chiyani m'nyimbomo. Mupeza kuti kwa azungu kalulu nthawi zambiri ndi ndiwo, akuthawa mfuti kapena galu. Kwathu ndiye amapusitsa njovu. Pulogalamu yanu yagona pa kusiyana kumeneku, ndipo omvera akakhala ndi ulusi woti autsate, kudumpha kuchoka pa jazz kupita pa rock sikuwasokoneza.

Run Rabbit Run ndi ya 1939. Anapeka ndi Noel Gay ndi Ralph Butler, oyimba Flanagan ndi Allen, pa chionetsero cha The Little Dog Laughed ku London nkhondo yachiwiri itangoyamba. Imamveka yansangala, koma nkhani yake ndi mlimi wa mfuti amene akufuna nyama. Nthawi ya nkhondo ankaisintha mawu ponyoza Hitler. Achinyamata ena aidziwira mu filimu ya Get Out ya 2017, m'mene imamveka kuchokera m'galimoto koyambirira kwenikweni, ndipo kumeneko ndi yochititsa nthumanzi. Chiganizo chimodzi chonena zimenezi chikukwanirani pa malonje ake.

White Rabbit ya Jefferson Airplane, ya pa chimbale cha Surrealistic Pillow cha 1967, ndiye yofuna kusamala. Anapeka ndi Grace Slick, potengera nthano za Alice za Lewis Carroll. Ndi mphindi ziwiri ndi theka basi, yopanda kolasi. Imayamba ndi besi ya Jack Casady, kenako kang'oma ka snare kogunda mwa perete, gitala n'kulowa. Makodi oyambirira (magulu a manotsi oyimbidwa pamodzi) amangosuntha pang'ono kuchoka pa F# kupita pa G ndi kubwerera, n'chifukwa chake imanunkhira za ku Spain. Imakwera pang'onopang'ono mofanana ndi Boléro ya Ravel mpaka Slick afuule kumapeto. Musabise kuti ikukhudza mankhwala ozunguza bongo. Mwini wake ankafotokoza kuti akudzudzula makolo amene amawerengera ana nthano za kumeza tinthu tosintha thupi, kenako n'kudabwa anawo akayamba mankhwala. Mukanena choncho musanaiyike, makolo sakuimbirani foni mokwiya.

Chimwemwe_Studio:

Za kukwera ndi kutsika kwa mawu ndiyankheko ine, asisi. Nyimbo zanu zinajambulidwa pa makina otalikirana zaka makumi ambiri, ndiye kuzilinganiza ndi diso pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu sikuthandiza. Mita imaonetsa nsonga za phokoso, pamene khutu limamva kulemera kwa nyimbo yonse.

Tsegulani iliyonse mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu. Musagwiritse Normalize wamba, sankhani Loudness Normalization, zonse muzipatse nambala imodzi. Muyezo wa mawailesi a ku Ulaya wa EBU R128 ndi -23 LUFS (LUFS imayeza kulemera kwa mawu monga khutu limamvera). Ngati siteshoni yanu ili ndi wake tsatirani umenewo, chachikulu n'chakuti mawu anu oulutsa akhalenso pomwepo. Mukatero tsekani maso, mvetserani masekondi 10 omaliza a nyimbo imodzi ndi masekondi 10 oyamba a inzake kudzera pa kawailesi ka mabatire kapena sipika ya foni. Mahedifoni a mu studio amanamiza, chifukwa omvera anu alibe.

White Rabbit ndiye imavulala kwambiri. Makina opanikiza mawu amene amakhala pakati pa studio ndi transmitter amakweza pofewa ndi kutsitsa pokwera, ndiye chiyambi chija chimakwera, mapeto n'kuphwanyika, nyimbo yonse n'kukhala yosalala. Zimenezo simungazithetse zonse, koma musawonjezere kompuresa yanu yopanikiza mawu pamwamba. Musayankhulenso pa chiyambi chake ngakhale pali pafupifupi theka la mphindi mawu asanalowe, chifukwa besi ija pa kawailesi kakang'ono imamveka movutikira kale. Kumapeto musaizimitse pang'onopang'ono. Ithe yokha, musiye sekondi imodzi ya zii, kenako muyankhule.

Run Rabbit Run ya 1939 ndi Cotton Tail ya 1940 zinatuluka pa mbale za 78 rpm. Mbali imodzi ya mbale ya mainchesi 10 inkanyamula mphindi zitatu ndi kakang'ono, n'chifukwa chake zonse zimathera pamenepo. Ndi za mono ndipo zili ndi kaphokoso ka siii. Anthu amalakwitsa pochotseratu kaphokosoko: mukakankha Noise Reduction kufika pa 15 kapena 20 dB, malipenga amayamba kumveka ngati ali m'madzi, chifukwa makinawo amadya ndi mawu a zoyimbira zomwe. Ikani 6 dB, dulani zonse za pansi pa 80 Hz kuti kugunda kwa mbale kuchoke, zotsalazo zisiyeni. Mafayilo otsitsa pa YouTube apeweni ngati mungathe, ambiri anapanikizidwa kale kawiri.

Aphunzitsi aNabanda:

Mwana wanga, funso lako lomaliza ndilo lalikulu, ndipo ndikuona kuti Kalulu wathu ayambe ndi iyeyo. Koma usavutike kufunafuna chimbale. Nyimbo za Kalulu zimakhala m'kati mwa nthano, ndipo ukazizula n'kuziyimba pazokha zimasanduka mizere iwiri yopanda mutu. Kanyimboko kamabwera pamene nkhani yafika pothina, kamabwerezedwa katatu kapena kanayi, ndipo ulendo uliwonse zinthu zimakhala zasintha. Choncho jambula nthano yonse.

Sankha ya chitsime. Chilala chavuta, nyama zonse zikumba, Kalulu akana, kenako azibwera ndi uchi kunyengerera alonda mmodzimmodzi, kuwamanga, iye n'kumwa ndi kusambamo, mpaka Fulu amugwire. Imeneyi ndi yabwino pa wailesi chifukwa mlonda aliyense amabweretsanso nyimbo. Uza wokamba nthanoyo kuti alonda akhale atatu okha, apo ayi itenga mphindi 10. Ya kukokana chingwe kwa Njovu ndi Mvuu ndi yaifupi, koma kukoma kwake kuli m'manja ndi pankhope pa wokamba, zomwe omvera saona.

Pojambula ufunika gogo mmodzi wodziwa kukamba ndi ana 6 mpaka 8 ovomera. Akapitirira pamenepo "tili tonse" amakwirira mawu a gogo. Chipinda cha kalasi chopanda siling'i chimabweza mawu, ndipo malata amathetheka dzuwa likamazilala. Nyumba ya udzu kapena chipinda choyala mphasa ndi makatani ndiye chabwino. Maikolofoni kapena foni ikhale masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pakamwa pa gogo, ana akhale mozungulira pa mtunda wa mita imodzi ndi theka. Kuomba m'manja ndiko kumang'amba mawu, ndiye yambitsa ana kuomba mwamphamvu usanayambe, utsitse mpaka mita isapitirire -6 dB. Usawaphunzitse anawo mobwerezabwereza. Ulendo wachitatu amayamba kuvomera ngati akulakatula ndakatulo ya pa asembule. Ayesere kamodzi, kachiwiri ujambule. Makolo awo uwapemphe chilolezo, ndipo dzina la gogoyo ndi mudzi wake zitchulidwe ngati iye wavomera.

Ukatha nthano uli ndi mlatho wowolokera ku America. Anthu amene anatengedwa ukapolo kuchokera mu Africa anapita ndi nthano za kalulu wochenjera, ndipo Joel Chandler Harris anazisindikiza mu 1880 pa dzina la Brer Rabbit. Ija yomugwira ndi chidole chomata phula tili nayo nafenso, ya chidole cha ulimbo. Ngati ukufuna kumva makambidwe akale, Hugh Tracey anajambula nyimbo ndi nthano m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa.

Che Jafali:

Mlatho wa aphunzitsi uwolokereni ndi nyimbo ya banjo. Ilipo ya kalulu wobisala m'chipika, mlenje alibe galu, akuganiza zomutokosa ndi mtengo waminga kuti madzulo adye nyama. Monroe Brothers anaijambula mu 1938 pa mutu wa Have a Feast Here Tonight, ndipo oyimba bluegrass amaitchanso Rabbit in the Log. Ya Monroe Brothers ndi ya mandolini ndi gitala. Mukafuna banjo tengani ya Stanley Brothers. Aliyense amene anasakako ndi agalu pambuyo pa lupsa aimvetsa popanda kumasulira zambiri.

Cotton Tail musaitaye chifukwa choti ilibe mawu. Duke Ellington anaijambula mu May 1940, ndipo kalulu ali m'liwiro lake, lopitirira kugunda 200 pa mphindi. Makodi ake anabwereka ku I Got Rhythm ya Gershwin. Auzeni omvera adikire saksofoni ya Ben Webster, imene imazungulira nyimboyo kawiri, kenako asaksofoni onse akuyimba mzere umodzi wokhotakhota pamodzi. Munthu akauzidwa choti amvetsere satembenuza siteshoni.

Pa Bright Eyes ndiye chenjerani, ambiri amaiyesa ya ana chifukwa ndi ya katuni. Mike Batt anaipekera filimu ya Watership Down ya 1978, ndipo imalowa pamene kalulu Hazel waomberedwa, mng'ono wake akumufunafuna. Ndi nyimbo ya imfa, dzina la kalulu silitchulidwamo n'komwe. Mu 1979 inakhala pa nambala 1 ku Britain masabata 6. Ikani kumapeto, ndipo fotokozani za Hazel isanayambe, apo ayi omvera adabwa kuti yalowa bwanji.

Nthawi iyende motere. Pa mphindi 30 chotsani 3 za malonda ndi kanyimbo ka siteshoni, zitsale 27. Nthano 5, ya chipika 3, Run Rabbit Run 3, Cotton Tail 3, White Rabbit ziwiri ndi theka, Bright Eyes 4. Zakwana 20 ndi theka. Zotsala 6 ndi theka ndi zanu, ndiye malonje aliwonse asapitirire mphindi imodzi. Lembani mawuwo, muwerenge mokweza ndi wotchi m'manja.

Pa fomu ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, musalembe woyimba pa malo a wopeka. Bright Eyes wopeka ndi Mike Batt, Art Garfunkel ndi woyimba chabe. Run Rabbit Run lembani Gay ndi Butler, White Rabbit lembani Grace Slick, osati dzina la bandi.

Nachisale:

Zikomo nonse. Aphunzitsi, gogo akatalikitsa nthano kupitirira mphindi 5, ndidule pati?

Aphunzitsi aNabanda:

Dula mlonda wachiwiri yense, kuyambira pomwe akufika pachitsime mpaka pomwe nyama zikumupeza atamangidwa. Usadule m'kati mwa nyimbo kapena pakati pa mawu a gogo ndi kuvomera kwa ana, msoko wake umamveka. Mlonda woyamba komanso Fulu asakhudzidwe.