Thandizeni, homuweki ya mwana wanga yatisowetsa tulo

Mayi wa ku Ndirande: Abale anga, ndithandizeni. Mwana wanga wa Fomu 2 wapatsidwa nambala ya madijiti 6, akuti anene ngati ili prime (nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi), komanso apeze manambala oigawa. Dzulo magetsi anazima, tinkaunikira ndi foni mpaka pakati pa usiku. Bambo ake akuti ndimamulekerera, chonsecho fizi ndimalipira ndekha ndi geni ya mandasi. Kakyuleta ndinagula ku Limbe, mlamu wanga anabwereka, mpaka lero zii. Homuwekiyo mwana akapereke Lolemba. Nditani ine?

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni: Mayi, kakyuletayo ndiyo ikupha ana! Mu 1772 katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikiza kuti 2,147,483,647 ndi prime, maso ake atasiya kale kuona. Mukachulukitsa ma 2 okwana 31 n'kuchotsapo 1, mupeza nambala imeneyo. Analibe kompyuta!

Achimwene a ku Bangwe: Zosavuta izi. Ikathera ndi 1, 3, 7 kapena 9 ndi prime basi.

Mphunzitsi wopuma: Musasocheretse anthu! 91 ndi 7 kuchulukitsa ndi 13. Nanga 1,001? Ndi 7, 11 ndi 13. Sukulu munaphunzira kuti inu?

Achimwene a ku Bangwe: Aphunzitsi, chipongwe ayi. Si m'kalasi mwanu muno.

Bambo wa ku Machinjiri: Za alamu musandiuze. Wanga anatenga wilibala, chaka chatha, anabweza yopanda tayala. Kalondoleni lero lomwe.

Chemwali wa ku Zingwangwa: Amayi, nambalayo ndi iti? Podikira, phatikizani madijiti ake onse. Yankho likagawika ndi 3, nambala yonse igawikanso ndi 3. Chimodzimodzi ndi 9.

Mphunzitsi wopuma: Ndipo prime si mtundu wokhawo! Pali ma perfect number: 6, 28, 496, 8,128. Oigawa 28, kupatula 28 yemweyo, ndi 1, 2, 4, 7 ndi 14, mukawaphatikiza mubwereranso pa 28. Ndinaphunzitsa zimenezi choko chili m'manja, lero ana sazidziwa n'komwe.

Mnyamata wa ku koleji: Madala, mayiwa sanafunse zimenezo. Amayi, square root (nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeza nambala yanuyo) ya nambala ya madijiti 6 siifika 1,000. Mwana ayese kugawa ndi ma prime okhaokha, 2, 3, 5, 7, 11, 13, akafika pa square root aime. Osafika 1,000 alipo 168. Imodzi mwa ma prime amenewa ikangogawa popanda chotsala, nambalayo si prime.

Mphunzitsi wopuma: Ndizo ndimati ndinene!

Mayi wa ku Ndirande: Zikomo nonse. Mlamu ndamuimbira, sakuyankha. Nambalayo ikuthera ndi 5 kapena 3, sindikukumbuka bwino. Kope mwana wapita nalo kwa mnzake.

Chemwali wa ku Zingwangwa: Ngati ndi 5, si prime, 5 yemweyo aigawa. Akabwera mwanayo jambulani tsambalo mutiponyere pano, chonde amayi.