Kodi chemistry imakhalabe yofunika munthu akalowa mu chemical engineering?

Mphukira ya ku Mulanje analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka akuluakulu amene munadutsa kale m'njira imene ine ndangoiyamba kumene. Ndili m'chaka choyamba cha maphunziro a chemical engineering, ndipo ndinawasankha chifukwa ku sekondale chemistry ndiyo inkandikomera kuposa phunziro lina lililonse. Chimene chandisokoneza n'chakuti anzanga a m'chaka chachitatu ndi chachinayi akundiuza kuti dzinali ndi lonyenga, chifukwa akuti munthu ukapitirira chaka chachiwiri chemistry imazimiririka, ndipo zimatsala ndi masamu, physics ndi kuwerengera za mapampu ndi mapaipi. Ena afika pondilangiza kuti ndizingoloweza zokwanira kukhozera mayeso, mphamvu zanga zonse ndiziike pa calculus. Kodi uphungu umenewu ndi woona? Ngati si woona, ndi mbali ziti za chemistry zimene ndiyenera kuzigwira ndi manja awiri panopa kuti ndisadzanong'oneze bondo m'tsogolomu?

Mphunzitsi Wopuma anayankha:

Mwanawe, ine sindine injiniya, koma ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale kuyambira nthawi imene chemistry ndi physics zinali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, choncho ndiyankha mbali yokhayo imene ndikuidziwa. Anzakowo sakunama ponena kuti masamu amachuluka, koma aiwala kudzifunsa kuti manambala amene amawerengerawo amachokera kuti. Ambiri mwa manambalawo amachokera ku mole, muyezo wa kuchuluka kwa mamolekyu a chinthu, mutu womwe uja umene ana ambiri a Fomu 3 amauthawa.

Tenga thumba la feteleza wa urea amene makolo ako amathira m'chimanga chikafika m'maondo. Pathumbapo pamalembedwa kuti 46% N, ndipo nambala imeneyi sanaisankhe wogulitsa ayi. Mole imodzi ya urea imalemera magalamu 60, ndipo mwa magalamu amenewa 28 ndi a nitrogen, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 nitrogen amene chimanga chikufuna ndi makilogalamu 23 okha. N'chimodzimodzinso ndi mwala wa laimu umene amawotcha popanga simenti: makilogalamu 100 a calcium carbonate amasiya makilogalamu 56 a laimu, pamene 44 amauluka ngati mpweya wa carbon dioxide. Injiniya wosadziwa zimenezi adzaima pakhomo pa uvuni n'kumadabwa kuti pafupifupi theka la mwala umene analowetsa lapita kuti, mwina mpaka kuganizira antchito kuti aba. Ukadzafika pa phunziro la material balance, limene limanena kuti zolowa m'fakitale ziyenera kufanana ndi zotuluka kuphatikizapo zotsalira m'kati, udzapeza kuti masamu ake ndi osavuta, ndipo ambiri amagwa chifukwa cholephera kusintha makilogalamu kukhala mamole, kapena kulinganiza equation molondola.

Injiniya wa ku Chigwa anayankha:

Ndikugwirizana ndi a aphunzitsi athu, ndipo ndiwonjezerepo kuchokera ku ntchito imene ndakhala ndikugwira. Mng'ono wanga, chemistry siizimiririka, imangosintha malaya. Phunziro limene anzanuwo akulitcha thermodynamics, limene akulitcha reaction engineering, ndiponso mbali yaikulu ya separation processes, zonsezi ndi physical chemistry yovala ovolosi. Amene akunena kuti sakuionanso akulakwitsa poganiza kuti chemistry ndi kusakaniza timadzi tamitundumitundu m'labotale basi.

Ndipereke chitsanzo cha kwathu konkuno. Malawi wakhala akupanga ethanol kuchokera ku molasesi (zotsalira popanga shuga wa nzimbe) ku Dwangwa kuyambira 1982, pambuyo pake fakitale ina inatsegulidwa ku Chikwawa, ndipo ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Gawo loyamba la ntchitoyi ndi lofanana ndi la wofulula mowa: yisiti imadya shuga n'kutulutsa ethanol ndi carbon dioxide. Chemistry imatiuza malire amene sitingawadutse, akuti magalamu 180 a shuga wotchedwa glucose sangatulutse ethanol woposa magalamu 92, pamene 88 otsalawo amakhala mpweya. Choncho ngati fakitale ikupeza zochepera kwambiri pa magalamu 51 a ethanol pa magalamu 100 alionse a shuga, injiniya amadziwa kuti penapake shuga akutayika, kaya chifukwa tizilombo tina talowa m'thanki, kaya chifukwa thankiyo yatentha mpaka yisiti yafooka.

Gawo lachiwiri ndi kutcheza, ndipo apa mayi wotcheza kachasu kumudzi amadziwa kale theka la nkhaniyi ngakhale sanalowepo m'kalasi la sayansi. Iye amadziwa kuti botolo loyamba ndilo laukali, ndipo otsatirawo amanka nasukuluka. Chifukwa chake n'chakuti ethanol amawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa 100, motero nthunzi yoyamba kutuluka imakhala ndi ethanol wambiri. Wina angaganize kuti tikabwereza kutcheza kambirimbiri, kapena tikamanga nsanja yotchezera yaitali kwambiri, tidzapeza ethanol wopanda madzi n'komwe. Sizitheka. Ethanol akafika pafupifupi 95.6 pa 100 alionse poyeza kulemera, nthunzi yake imakhala yofanana ndendende ndi zamadzimadzi zimene ikuchokeramo, ndipo kutcheza kumathera pomwepo ngakhale nsanjayo italike mpaka kumitambo. Chimenechi ndicho chimatchedwa azeotrope, ndipo chimabwera chifukwa cha mmene mamolekyu a madzi ndi a ethanol amakokerana. Koma ethanol wopita mu petulo ayenera kukhala wouma, chifukwa madzi akachuluka amamulekanitsa ndi petuloyo n'kukadikha naye pansi pa thanki. N'chifukwa chake mafakitale ambiri masiku ano amamudutsitsa mu timiyala ta zeolite, timene tili ndi timabowo tokwana molekyu ya madzi koma tochepera molekyu ya ethanol.

Ndatalikitsa dala chitsanzochi kuti muone kuti calculus ingakuwerengereni kutalika kwa nsanja ndi kuchuluka kwa nthunzi yofunika, koma singakuuzeni kuti pali khoma pa 95.6. Kompyuta nayonso imangoyankha molingana ndi zimene mwaiuza. Ndinaonapo wophunzira wina wobwera kudzazolowera ntchito atasankha model yolakwika mu pulogalamu yoyerekezera fakitale, ndipo anabwera akumwetulira ndi pepala losonyeza kuti nsanja wamba yatulutsa ethanol wa 99.9. Masamu ake analibe polakwika, koma fakitale yake inali ya m'maloto.

Wachaka Chachinayi anayankha:

Ndipemphe kusiyana pang'ono ndi akuluakulu anga, chifukwa mwina ndine mmodzi mwa amene timapereka uphungu umene ukudandaulitsa mnzathuyu. Choonadi n'chakuti ophunzira ambiri amene ndawaona akubwereza chaka sanagwe ndi chemistry, anagwa ndi masamu, fluid mechanics ndi heat transfer. Munthu amene analowa akuganiza kuti adzakhala m'labotale atavala chovala choyera amakhumudwa kwambiri, ndipo n'kwabwino kumuchenjeza msanga. Ndiponso ndivomereze kuti zambiri zimene ndinaloweza mu organic chemistry, monga mayina aatali ndi timivi tosonyeza kumene ma electron akupita, sindinazigwiritsenso ntchito kuyambira tsiku la mayeso.

Komabe pamene a injiniya anena za physical chemistry sindingatsutse, chifukwa chinandichitikira. Equilibrium (malire amene reaction, kapena kuti kusintha kwa mankhwala akakumana, imafikapo) ndi kinetics (liwiro la reactionyo) ndinaziwerenga mongofuna kukhoza, ndipo nditafika pa reactor design, phunziro la kapangidwe ka thanki imene reaction imachitikiramo, ndinachita kubwerera ku mabuku a chaka choyamba usiku anzanga akugona. Chimene chinanditsegula maso ndi nkhani ya ammonia, amene urea wa a aphunzitsi uja amachokerako. Fritz Haber anasonyeza mu 1909 kuti nitrogen ndi hydrogen zingaphatikizidwe kukhala ammonia, koma panafunika Carl Bosch ndi anzake a kampani ya BASF kuti chipangizo cha patebulo chisanduke fakitale, imene inayamba ntchito ku Oppau m'dziko la Germany mu 1913. Vuto lake ndi ili: reaction imeneyi imatulutsa kutentha, choncho equilibrium imafuna kuzizira kuti ammonia achuluke, koma kukazizira reaction imayenda pang'onopang'ono moti palibe phindu. Mapeto ake mafakitale amagwiritsa ntchito madigiri apakati pa 400 ndi 500, pressure yoposa ya mpweya wotizungulira maulendo 150 kapena kupitirira, ndi catalyst ya chitsulo yofulumizitsa reaction. Ngakhale atero, mpweya wochepera gawo limodzi mwa magawo asanu ndi umene umasanduka ammonia paulendo umodzi, ndipo wotsalawo amaubwezanso mu reactor. Mapaipi, ma compressor ndi zoziziritsira zonse zimene timaziwerengera zilipo chifukwa cha mkangano umenewu wa equilibrium ndi kinetics. Uphungu wanga tsono ndi wakuti masamu musawanyoze ngakhale pang'ono, koma mitu iwiriyi muimvetse, osaloweza.

Mayi Wachitetezo anayankha:

Ine ntchito yanga ndi yoona za chitetezo cha antchito, ndipo mawu akuti organic chemistry ilibe ntchito andikhudza, choncho ndiyankheko mwaulemu. N'zoona kuti simudzajambula timivi tija tsiku ndi tsiku, koma mudzasaina mapepala ololeza kuti mankhwala awa asungidwe pafupi ndi awa, kapena kuti paipi iyi itsukidwe ndi madzi. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, ku Bhopal m'dziko la India, madzi analowa m'thanki yosungira methyl isocyanate pa fakitale ya Union Carbide yopanga mankhwala ophera tizilombo m'munda. Mankhwala amenewa akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha kwakukulu, kutenthako kunafulumizitsa reaction, pressure inakwera, ndipo mpweya wakupha unafalikira m'makomo a anthu ali m'tulo n'kupha anthu zikwizikwi. Makina oziziritsira thankiyo anali atazimitsidwa kale. Wophunzira amene anamvetsa kuti gulu la isocyanate siligwirizana ndi madzi sangaone kuzimitsa makina otero ngati njira yopulumutsira ndalama.

Palinso china chimene chimalumikiza chemistry ndi uinjiniya, chimene amayi ophika pamaliro amachidziwa bwino. Nsima ya m'kapoto imazizira msanga, koma ya mumphika waukulu imakhala ikuwotcha m'kati kwa nthawi yaitali. Mukakulitsa reactor maulendo 10 mbali zonse, zam'kati zimene zimatulutsa kutentha zimachuluka maulendo 1,000, pamene khoma lotulutsira kutenthako limakula maulendo 100 okha. Onjezani mfundo ya Arrhenius, yakuti ma reaction ambiri amathamanga pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10, ndipo muona chifukwa chimene chinthu chofatsa m'kabotolo ka m'labotale chingaphulitse thanki ya m'fakitale. Kuti muwerengere kukula kwa zoziziritsira muyenera kudziwa kaye kuti reaction yanu imatulutsa kutentha kochuluka motani pa mole iliyonse, ndipo nambala imeneyo mudzaiphunzira mu thermochemistry ya chaka chimene mulichi.

Mphukira ya ku Mulanje anayankha:

Ndathokoza kwambiri, makolo anga ndi achimwene, chifukwa mwandichotsa m'chimbulimbuli. Ndinali nditayamba kale kujomba maola a labotale poganiza kuti titration (kuyeza mphamvu ya mankhwala powadonthezera ena) ndi ya ofuna kudzakhala ma chemist okha, koma mawa lomwe ndikapempha kuti ndibwezere awiri amene ndinaphonya. A Injiniya wa ku Chigwa, ndabwereza kuwerengera kwanu kwa glucose ndipo ndapeza 92 ndi 88 monga munanenera. Koma poti shuga wambiri wa mu molasesi ndi sucrose, imene mole yake imalemera magalamu 342 ndipo imayamba yatenga molekyu imodzi ya madzi isanagawike pawiri, ine ndikupeza magalamu 184 a ethanol, kutanthauza pafupifupi 54 pa 100 alionse m'malo mwa 51. Chonde mundiuze ngati ndalondola.