Laputopu ya aphunzitsi ili ndi alonda anayi, koma ikukanika kuyenda

Wa ku Ngabu: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndithandizeni nzeru. Dzulo andibweretsera laputopu ya mayi wina, mphunzitsi wa konkuno. Ndi ya kunyumba, amalemberapo mayeso ndi ma scheme, madzulo ana amaonerapo mafilimu. RAM ndi 4GB, hard disk wamba osati SSD (disk yosazungulira, yothamanga kwambiri), Windows 10. Ukaiyatsa umadikira mphindi zoposa 10 kuti Word itseguke. Pa Task Manager, poonera mmene makina akugwirira ntchito, Disk ili pa 100% osatsika. Fani ikulira ngati chigayo, kenako makina amazima okha. Nditasuzumira ndapeza muli ma antivirus anayi, mapulogalamu oteteza kompyuta ku tizilombo: Avast, AVG, Smadav ndi Malwarebytes ya trial, yongoyesera. Anaziika ndi mwana wa mlongo wawo, fulashi yawo itagwidwa ndi kachilombo kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Tsono mayiwa akukanitsitsa kuti ndisachotse chilichonse, akuti alonda akachuluka mbava imaopa. Ndichotse ziti, ndisiye ziti?

Wa ku Nchalo: Achimwene, vuto mwalipeza kale. Mapanga awiri avumbwitsa. Antivirus iliyonse yogwira ntchito nthawi zonse, ija ya real-time, imalowetsa driver, kapulogalamu kake kakang'ono, mkati mwenimweni mwa Windows, pamene pamadutsa fayilo iliyonse ikamatsegulidwa kapena kulembedwa. Mayiwo akadina chikalata chimodzi, woyamba amachigwira kuti achiunike. Kuti aunike ayenera kuchiwerenga, ndiye wachiwiri amaona kuti fayilo yakhudzidwa, nayenso n'kuigwira. Chikalata chimodzi chikufufuzidwa kangapo, pa disk yozungulira, ndi RAM ya 4GB yomwe Windows yadya kale gawo lalikulu. Disk itsika bwanji pamenepo?

Choopsa kwambiri si kuchedwako ayi. Kachilombo kenikeni kakabwera, onse amakathamangira nthawi imodzi. Wina watseka fayilo kuti aiike ku quarantine, malo otsekerako mafayilo okayikitsa, winayo akulephera kuifikira, mapeto ake mwina palibe amene waichotsa bwinobwino. Nthawi zina wina amaona mafayilo a mnzake ngati kachilombo n'kuyamba kulimbana naye. Ndinakonzapo ina kuno ya bambo wina wogwira ntchito kuminda ya nzimbe, inkagwa blue screen, Windows kuima n'kuonetsa sikirini ya buluu, tsiku lililonse. Nditachotsa antivirus yachiwiri sinagwenso.

Komanso muwauze mayiwo kuti Avast inagula AVG mu 2016, ndipo injini yawo yofufuzira ndi imodzi. Ndi mlonda mmodzi yemweyo wavala mayunifolomu awiri. Chimene woyamba sanachione, wachiwirinso sachiona.

Wa ku Nsanje boma: Ndikugwirizana nazo, koma Smadav musaiike m'gulu limodzi ndi enawo. Ija anaipanga ku Indonesia kuti izikhala yothandizira chabe, makamaka pa mafulashi, ndipo eni ake amanena okha kuti imayenda limodzi ndi antivirus yaikulu. Ine pa kompyuta yosindikizira pashopu pano ndinaisiya, chifukwa patsiku pamalowa mafulashi a anthu osiyanasiyana, ena ochokera kutsidya ku Mozambique, ena kwa anyamata oika nyimbo kumsika.

Wa ku Chikwawa boma: Achimwene a ku Nsanje, pashopu ndikumva, koma iyi ndi ya kunyumba ndipo ndi yofooka kale. Ine ndikanachotsa zonse n'kusiya Microsoft Defender yokha. Anthu ambiri sadziwa kuti Windows 10 imabwera ndi antivirus yakeyake, ndipo ukaika ina, Defender imadzipatula yokha, imasiya kulondera. Microsoft inachita dala zimenezi pofuna kupewa mkangano womwe a ku Nchalo afotokozawu. Ngati amene anapanga Windows sakufuna alonda awiri pakhomo limodzi, ife tikakamiriranji atatu?

Mayiwo akufuna chitetezo chambiri, ndipo sakulakwa. Chofunika ndi chakuti aliyense akhale ndi ntchito yakeyake. Mlonda wa nthawi zonse akhale mmodzi. Firewall ya Windows ikhale yoyaka, imeneyo ntchito yake ndi ya pa netiweki, silimbana ndi antivirus. Malwarebytes isachoke, koma muzimitse trial ija. Trial imakhala masiku owerengeka ndipo ili ndi real-time, pamene yaulere imangofufuza ukaiuza. Imeneyo mayiwo aziiyendetsa kamodzi pamlungu kapena akakayikira china chake, ikamaliza aitseke. Pa browser muike ad blocker, poti ana ndi amene amadina zikwangwani zonama za "Download" akamasaka mafilimu.

Wa ku Ngabu: Achemwali, ndamva. Koma ndayesa kuchotsa AVG pa Control Panel, yafika pakati n'kuima. Ndayatsanso makina, ikuonekabe pakona.

Wa ku Chikwawa boma: Musachotse ziwiri nthawi imodzi, ndipo musadalire Control Panel yokha, imasiya ma driver m'mbuyo. Kampani iliyonse ili ndi kachida kake kochotsera: AVG Clear, Avast Clear, ya McAfee ndi MCPR. Tengani pa webusayiti yawo yeniyeni, lowani mu Safe Mode (pamene Windows imayaka ndi zofunikira zokha), chotsani imodzi, yatsaninso makina, kenako inayo. Mukamaliza tsegulani Windows Security muone ngati Defender yadzuka ndipo real-time protection ili On. Ambiri amaiwala pamenepa, n'kubweza kompyuta kwa mwini wake ilibe mlonda ngakhale mmodzi. Kenako yendetsani Microsoft Defender Offline scan. Imazimitsa makina n'kufufuza Windows isanadzuke, kachilombo kasanapeze mpata wobisala.

Wa ku Bangula: Ndiikepo langa pa nkhani ya kuzima yokha ija. Tisamaiwale komwe tikukhala. Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa kutentha kumadutsa madigiri 40, fumbi lili ponseponse. Processor yomwe ikugwira ntchito yofufuza mosapuma imatentha, ikafika pamalire imadzizimitsa kuti isapse. Ndiye ngakhale muchotse ma antivirus, tsegulani pansi, mupemerere fani, muchotse fumbi lomwe lagwirana pa heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa processor, muike thermal paste yatsopano, phala lothandiza kuti kutenthako kudutse. Muwauzenso asamaiike pa bedi kapena pa mkeka wofunditsa chitenje, mabowo opumira amatsekeka. Laputopu yomwe ku Blantyre ingapirire, ikatsika phiri kufika pa Thabwa imayamba kuvutika.

Wa ku Nchalo: Zoona zimenezo. Ndiye pali nkhani ya bandulo. Antivirus yosalandira ma update ndi dzina chabe. Atatu onsewo amafuna kukoka ma update awo, pamene mayiwo intaneti amalumikiza pafoni mwa apo ndi apo. Ndikukhulupirira mukayang'ana mupeza onse ndi otsalira miyezi. Mmodzi wolandira ma update amaposa atatu ogona. Ya Defender mukhoza kutenga fayilo ija ya mpam-fe.exe pa webusayiti ya Microsoft, kuiika pa fulashi yoyera, n'kumaikira makasitomala opanda intaneti. Ine ndimatenga yatsopano Lolemba lililonse.

Chinanso, Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse. Antivirus sitseka mabowo a Windows yeniyeniyo. Kumbukirani virus ija ya WannaCry mu Meyi 2017, inalowa m'makompyuta omwe sanalandire update imene inatuluka mwezi wa Marichi chaka chomwecho. Onani ngati makinawo angalandire Windows 11, ngati sangathe muwauze mayiwo chilungamo.

Wa ku Nsanje boma: Za fulashi ija musaifomate msanga. Kachilomboko sikafufuta mafayilo, kamangowabisa. Mukachotsa kachilombo, tsegulani Command Prompt, lowani pa fulashiyo, lembani attrib -h -r -s /s /d, mafoda onse abwerera. Ma shortcut aja muwafufute osawadina. Ndipo ana muwatsegulire akaunti yawo ya standard, ya administrator ikhale ndi password ya mayi okha. Mwana wa mlongo uja akabweranso sadzatha kuika kanthu.

Wa ku Bangula: Ndipo mayeso a mayiwo akhale ndi malo achiwiri osungira. Nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 ndinalandira makina olowa madzi, ena zonse zinathera momwemo. Hard disk yapadera yosungidwa pamwamba, kapena Google Drive akapeza intaneti.

Wa ku Ngabu: Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti. Avast ndi AVG zachoka mu Safe Mode, Smadav ndachotsanso, trial ya Malwarebytes ndazimitsa. Defender yadzuka, offline scan yapeza kachilombo kamodzi komwe kanali mu Startup, alonda onse aja ali pomwepo. Mu fani munali fumbi lochuluka zedi. Pano ikuyaka mphindi ziwiri zisanathe, Disk ikutsika ikangomaliza kuyaka, ndipo yagwira ntchito masana onse osazima. Mafoda a pa fulashi abwerera onse. Mayiwo poyamba anakwinya nkhope ataona zizindikiro zija zasowa pakona, ndiye ndawatsegulira Windows Security aone okha zobiriwira, ndawaonetsanso podina Scan pa Malwarebytes. Avomera. Akuti mwezi ukatha abwera ndi ndalama ya SSD. A ku Nchalo, ya 256GB mukuipeza pa mtengo wanji masiku ano?