Filimu yachikhristu yoti anthu aonere mpaka kumapeto: tiyambire pati?

Wachinyamata_Chilomoni:
Moni nonse akuluakulu. Gulu la achinyamata kumpingo kwathu lagwirizana zopanga filimu ya mphindi 30. Tili ndi kamera imodzi yobwereka, laputopu, ndi anthu 15 amene amachita masewero pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Nkhani yake ndi ya mayi wa Mvano, msungichuma wa banki mkhonde, amene wadya ndalama za gulu kuti alipirire mwana wake fizi. Abusa akuti uthenga umveke poyera. Ife tikufuna kuti ngakhale munthu wosapemphera aonere mpaka kumapeto. Ziwirizi zingayendere limodzi? Nanga tiyambe kugula chiyani?

Wolemba_Zisudzo:
Achimwene, musagule kanthu kaye. Lembani nkhaniyo papepala. Tsamba limodzi la sikiliputi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pakanema, ndiye mukufunika masamba 30. Ndi kamera imodzi komanso anthu ongoyamba kumene, mudzajambula masamba atatu kapena anayi patsiku. Ndi masiku 8 mpaka 10 amenewo, ndipo ngati mumakumana Loweruka lokha, werengerani miyezi iwiri ndi theka. Anthu 15 achuluka. Oyankhula asapitirire 6, enawo akhale a m'gulu la banki ndi a mutchalitchi. Malo ojambulira akhale anayi: nyumba ya mayiyo, khonde lokumanira gulu, tchalitchi, ndi msika kapena msewu.

Nkhani mwasankha yabwino chifukwa wolakwayo si chigawenga, ndi mayi amene aliyense angamumvetse. Musaiononge momwe ambiri amaionongera. Nthawi zambiri munthu amachimwa kwa mphindi 20, kenako abusa amatulukira ndi Baibulo, kuyankhula mphindi 8 kamera ili chiimire, wochimwa n'kugwada, kwaya n'kuimba. Woonera amadziwiratu mathero ake filimu isanafike pakati, n'chifukwa chake amasintha.

Onani mmene Baibulo lenileni limakambira nkhani. Pa Luka 15, fanizo la mwana wolowerera limatha bambo akuchonderera mwana wamkulu panja, osatiuza ngati analowa m'nyumba. Pa 2 Samueli 12, Natani sanayambe ndi kudzudzula Davide. Anamufotokozera za munthu wosauka wolandidwa kamwana ka nkhosa, Davide anapsa mtima yekha, ndipo pamenepo ndi pamene anauzidwa kuti munthuyo ndi iyeyo. Buku la Estere silitchula dzina la Mulungu ngakhale kamodzi.

Choncho kulapa kwa mayiyo kuoneke ndi maso, ndipo kumuwawe. Agulitse mashini ake osokera. Aime pakhonde, amayi anzake atakhala pamkeka, kabuku ka ndalama kali m'manja, anene yekha asanamutulukire. Wina amukhululukire, wina akane ndithu, chifukwa ndalama yake inali ya feteleza. Fizi ya temu yotsatira isagwe kuchokera kumwamba pamapeto.

Wamawaya_Limbe:
Ndalama yoyamba ipite ku mawu. Chithunzi chosawala bwino anthu amapirira, koma akapanda kumva zoyankhula amachoka. Maikolofoni a pakamera musawadalire. Pezani maikolofoni omangirira ku mtengo wautali, muwaike pamwamba pa mutu wa woyankhula, masentimita 40 mpaka 60, ataloza pakamwa, kunja kwa chithunzi. Mtengowo ungakhale nsungwi, bola wogwira asamaseweretse zala chifukwa kukhuluza konse kumalowa. Wojambula mawu avale mahedifoni nthawi zonse. Rekoda (makina ojambulira mawu) ikhale pa 48 kHz, mawu akakwera azifika cha pa -12 dB pa muyezo wa mawu wa rekodayo. Pa pemphero ndi pa kulira tsitsiranitu, anthu athu akafika pamenepo amakweza mawu mwadzidzidzi, ndipo mawu osweka amavuta kukonza pakompyuta.

Tchalitchi ndi malo ovuta kuposa onse. Makoma ndi simenti yapansi zimabweza mawu, anthu awiri akamakambirana zimamveka ngati ali m'chitsime. Yalani mabulangete pansi pomwe kamera sikuona, ena muwakoleke kumbuyo kwa kamera. Zimitsani masipika a mpingo. Ngati denga ndi la malata opanda siling'i, musajambule m'kati kuyambira Novembala mpaka Malichi pokhapokha kumwamba kuli mbee. Mvula ikayamba palibe chimene mungapulumutse. Masana a Okutobala malata amathetheka ndi kutentha, nazonso zimalowa.

Musanasankhe nyumba, kakhaleni pamalopo mphindi 10 pa ola lomwe mudzajambule, mungomvetsera. Chigayo, owotcherera, oyitanira maminibasi, tambala wa aneba. Ku Ndirande kapena ku Bangwe Loweruka masana kumakhala zinkhoswe ndi masipika, ndiye yambani 6 koloko mmawa. Jenereta ikhale mamita 30 kapena kuposa, kuseri kwa khoma. Mukamaliza gawo lililonse, aliyense akhale chete masekondi 30 mujambule phokoso la chipindacho. Mudzatsekera nalo mipata polumikiza.

Kwaya musaijambule pamodzi ndi zokambirana. Nyimbo payokha, mawu pawokha. Mukaphatikiza, nyimbo imadumphadumpha paliponse pomwe mwadula chithunzi.

MkuluWaMpingo_Soche:
Ana anga, za mawaya ndasiyira eni ake. Koma a Wolemba_Zisudzo, musawachititse anawa manyazi ndi dzina la Yesu. Si zoona kuti filimu yonena za chikhulupiriro poyera anthu amaithawa. Filimu ya Yesu ya mu 1979 inangotsatira Uthenga wa Luka, anaimasulira m'Chichewa, ndipo anthu akhala akuionera pabwalo usiku m'midzi yambiri. The Passion of the Christ ya Mel Gibson mu 2004 inali m'Chiaramu ndi Chilatini, komabe inapeza ndalama zoposa madola 600 miliyoni. Facing the Giants ya mu 2006 inapangidwa ndi mpingo wa Baptist wa ku Albany, Georgia, ku America, ndi madola pafupifupi 100,000, ochita sewero ambiri ali akhristu a pampingopo.

Chimene ndikuvomereza n'chakuti ulaliki wautali mufilimu ndi ulesi. Mayiyo apemphere, koma monga amapempherera munthu amene ali ndi mlandu pamtima: mawu ochepa, oduka, mwina osafika pa Amen. Aimbe nyimbo pamsonkhano wa amayi Lachinayi mawu n'kumutsamwa pakhosi. Abusa ayankhule ziganizo zitatu kapena zinayi, zokhudza mayiyo, osati dziko lonse.

Sikiliputi ipite kwa abusa ndi akulu a mpingo musanajambule, osati mutamaliza. Yunifolomu ya Mvano si chovala chongobwereka, pemphani kwa atsogoleri a amayi ndipo muwauze poyera kuti woivala mufilimu adzakhala wolakwa. Za Mgonero ndi ubatizo funsani kaye, mipingo ina silola kuti zichitidwe ngati sewero.

Wachinyamata_Chilomoni:
Zikomo bambo, tamva. Ena m'gulu akufuna gawo loti mayiyo apite kwa sing'anga, kenako mngelo amuonekere usiku ndi moto. Tiliike?

Wolemba_Zisudzo:
Bambo a ku Soche anena zoona, sindikuti mubise Yesu. Koma mngelo wa nsalu yoyera ndi moto wa pakompyuta, ayi. Anthu amaseka, ndipo akaseka pamenepo simuwabwezanso. Ngati mukufuna usiku umene mtima wake ukutembenuka, muonetseni ali maso pamphasa, nyali ikuzilala, akuwerenga mobwereza ndalama zosakwana. Za sing'anga zikusokonezerani nkhani: mlandu uchoka pa mayiyo n'kupita kwa mizimu, pomwe mphamvu ya filimu yanu ili poti anasankha yekha. Komanso musaike gogo wokalamba ngati mfiti. Okalamba akuvutitsidwa m'dziko muno chifukwa cha maganizo amenewo.

Kamera_Ginnery:
Ikani kamera pa mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi, shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) ikhale 1/50 ya sekondi. Magetsi athu ndi a 50 Hz, mukajambula pa 30 kapena 60 mababu a mutchalitchi aziphethira pachithunzi. Kamera ikhale pa tripod, choimikira cha miyendo itatu. White balance (kaonekedwe ka mitundu) ndi exposure (kuchuluka kwa kuwala) muziike nokha pamanja, chifukwa bulauzi ndi duku zoyera za Mvano zimanyenga kamera: imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Yezerani kuwala pankhope. Mayiyo asaime padzuwa, akhale pamthunzi wa khonde, wina amuunikire ndi katoni yomata pepala loyera. Panja jambulani isanakwane 9 koloko kapena ikapitirira 3. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimapereka kuwala kofewa, koma chimasintha msanga, ndiye gawo limodzi lithe tsiku lomwelo.

Kukambirana kulikonse kujambulidwe katatu: patali, pafupi pa woyamba, pafupi pa wachiwiri, kamera ili mbali imodzi ya anthu awiriwo. Mukadumphira mbali inayo azioneka ngati akuyang'ana kumodzi. Ochita masewero a pasiteji anazolowera kukuwa ndi kutambasula manja kuti wa kubenchi yakumbuyo aone. Apa achepetse, kamera ili pamphuno. Jambulani pafoni zovala za aliyense tsiku lililonse, apo ayi chitenje chidzasintha pakati pa chiganizo.

Kamera ikamajambula pa 100 Mbps (kuchuluka kwa deta pa sekondi), ola limodzi limadya 45 GB ya memori khadi. Koperani pa ma hard drive awiri musanafufute memori khadi. Ngati laputopu ndi yofooka jambulani 1080p, osati 4K yomwe imalemera kwambiri pakompyuta. DaVinci Resolve, pulogalamu yolumikizira filimu pakompyuta, ili ndi mtundu waulere.

Za malamulo musazinyozere poti ndi za mpingo. Nyimbo ya woimba wina, ngakhale yauzimu, ili ndi mwini wake. Pezani chilolezo cholemba, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, angakuuzeni njira yake. YouTube imatha kutseka filimu yonse chifukwa cha nyimbo imodzi. Chapafupi n'kuti kwaya yanu ipeke nyimbo ziwiri zatsopano, wopekayo asayine. Aliyense wooneka mufilimu asayinenso, ana asayiniridwe ndi makolo. Musanaionetse pagulu muipititse ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, kuti aiunike.

Ikangolowa pa flashi imodzi yafika kale m'malo oberna mafilimu, ndiye ngati mukufuna kubweza ndalama yambani ndi kuionetsa muholo ya mpingo pa tikiti, kenako mipingo yoyandikana nayo, YouTube pambuyo. Dulaninso kachidutswa ka masekondi 60 ka WhatsApp: tengani pamene mayiyo akutsegula kabuku ka ndalama pakhonde, mudule asanayankhule.