Mahedifoni abwino a ka MP3 m'minibasi ndi pamalo aphokoso ndi ati?

NaPhiri_wa25

Moni nonse, ndikufuna thandizo kwa amene mumadziwa za mahedifoni. Ndili ndi ka MP3 kakang'ono ka SanDisk Clip Jam komwe achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Joni, ndimakakonda coz batire lake limakhalitsa komanso sindichita kutulutsa foni mu depoti, mukudziwa nokha mmene mumakhalira muja. Ndinaikamo nyimbo za kwaya ndi maphunziro a Baibulo omwe ndimamvera popita ku ntchito. Vuto ndi timaiyafoni tomwe ndili nato, ndi toyera tija togula pamsika tongokhala pakhomo pa khutu. Ndikakwera minibasi ya ku 25 kupita mtauni sindimva kanthu, injini ikulira, wailesi ya adalaivala ili pamwamba, kondakitala naye akukuwa, ndiye ndimangokweza voliyumu mpaka kumapeto koma mawu a mphunzitsi ndimangowamva mwa apo ndi apo. Ku shopu komwe ndimasoka nakonso tinayandikana ndi owotcherera, akayatsa guraindala basi zatha. Chomwe chayamba kundidetsa nkhawa ndi choti madzulo ndikamagona makutu amangolira kuti ngwiii mpaka tulo kuvuta. Ndigule mtundu wanji? Ena akuti ndigule zazikulu zophimba makutu zija, ena akuti za noise cancelling, koma ndalama zanga ndi zochepa ndiye sindikufuna kutaya pachabe.

Sawundi_Kawale

Asisi, ine ntchito yanga ndi ya ma PA (zokuzira mawu) m'maukwati komanso ndimakonza mafoni, ndiye ndikuuzani mmene ndimaonera. Ka MP3 kanuko kalibe vuto ndipo musafune mahedifoni okuwa kwambiri ayi, mufune otseka khutu. Toyera tomwe muli natoto sitimata, mphepo imadutsa m'mbali ndipo pomwe padutsa mphepo phokoso limadutsanso, ndiye nyimbo yanu imayenera kupikisana ndi injini ya minibasi, kuti muimve mpaka ikwere kuposa injiniyo. Ndi chifukwa chake mukufika kumapeto kwa voliyumu.

Gulani ma earphone olowa mkati mwa khutu, aja okhala ndi timphira kumapeto, pabokosi amalemba in-ear. Timphira tija ndi tomwe timagwira ntchito yonse ndipo anthu ambiri amatinyozera, amangovala tomwe apeza tili pomwepo n'kutaya tinato pamodzi ndi bokosi. Nthawi zambiri mumakhala masaizi atatu, S, M ndi L, yesani onse ndipo musadabwe khutu lakumanja likafuna M lakumanzere n'kufuna L, zimachitika. Povala, dutsitsani dzanja linalo pamwamba pa mutu mukokere khutu m'mwamba ndi kumbuyo pang'ono kenako ndiye mulowetse. Mukadziwa kuti chamata bwanji? Musanayatse nyimbo phokoso la panja limamveka ngati lapita kutali, mawu anu omwe mukamayankhula amamveka mkati mwa mutu, ndipo mukayatsa bass imabwera yonse. Mukamva nyimbo yopyapyala yopanda bass dziwani kuti sichinamate, si kuti ma earphone ndi oipa.

Palinso timitu ta siponji, amati ma foam tips, kampani yodziwika nato ndi Comply koma tiliponso totchipa ta ku China. Mumakafinya ndi zala, kulowetsa, n'kugwirizira kanthawi kuti kafufume kadzaze khutu. Timatseka kuposa mphira makamaka phokoso losongoka ngati la guraindala lija, kungoti timatha msanga ndipo timada, ndiye pakapita miyezi ingapo muyenera kusintha.

Za mayina, zomwe oimba amavala pa siteji ngati Shure SE215 kampani yake imati zimachotsa phokoso mpaka 37 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), za Etymotic zimalowa mkati kwambiri ndipo amati 35 mpaka 42 dB, koma izi ndi zodula ndipo mungachite kuitanitsa kunja. Musadandaule nazo. Za KZ zotchipa zija zimagwira ntchito bwino ndipo chomwe ndimazikondera ndi choti waya wake umazuka, ukaduka mumangogula waya wina osati kutaya zonse, pajatu ma earphone ambiri amafera pa waya pafupi ndi pulagi osati pa sipika. Ngakhale za Oraimo za waya zokhala ndi mphira zikusinthirani zinthu kwambiri poyerekeza ndi zomwe muli nazo pano.

Chinthu chimodzi choti muonetsetse pabokosi ndi nambala ya impedance, yomwe imakuuzani ngati mahedifoniwo ndi ovuta kuwakankha kapena ayi, imalembedwa ndi ohm. Ka player kakang'ono ngati kanuko kamafuna 16 mpaka 32 ohm. Pali mahedifoni a mu situdiyo a 250 ohm, mwachitsanzo Beyerdynamic DT 770 Pro ili ndi mtundu wa 32, wa 80 ndi wa 250, mukagula wa 250 pa kaunjika poona kuti ndi dzina labwino, ka Clip kanu sikatha kuukankha ndipo mawu adzatuluka otsika kwambiri.

Mjoni_Tembisa

Zomwe anena a Sawundi ndi zoona koma ndionjezere za noise cancelling poti mwafunsa mchemwali. Ine ndili ku Joni ndipo ndimavala za Sony za WH-1000XM m'taxi ndi m'basi ndikamabwera kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi Tete, ulendo wautali uja zimathandiza kwambiri moti umafika mutu usakupweteka. Mmene zimagwirira ntchito ndi chonchi, kunja kwake kuli timaikolofoni tomwe timamva phokoso, ndiye kachipangizo ka mkati kamapanga mawu otsutsana nalo ndendende kuti awiriwo akakumana afafanizane lisanafike m'khutu. Nzeru imeneyi anaitchukitsa ndi a Bose, anayamba kupangira oyendetsa ndege mu 1989 kenako mu 2000 ndi pomwe anatulutsa QuietComfort ya anthu wamba.

Koma apa ndi pomwe ogulitsa sakuuzani. Zimatha bwino phokoso lokhazikika la pansi, kuguguda kwa injini, jenereta, fani, ndege. Mawu a anthu, hutala, mwana akulira, wailesi ya adalaivala, guraindala, izi zimasinthasintha msanga komanso ndi zokwera ndiye kachipangizo sikazigwira bwino, zimadutsabe ndipo zomwe zimachepako zimachepa chifukwa cha makushoni ophimba khutu osati chifukwa cha noise cancelling. Ndiye pa mavuto anu mwatchulawo zingakuthandizeni pa injini basi.

Chinanso zimafuna kutchaja, magetsi akathima masiku otsatizana mwatsala ndi mahedifoni wamba. Komanso zambiri masiku ano ndi za Bluetooth pomwe Clip Jam ilibe Bluetooth, ndiye mungafunike zokhala ndi bowo la waya wa 3.5 mm, pomwe timaiyabadi topanda waya tija sitingalumikizike n'komwe pokhapokha mutagulanso ka transmitter kotumiza mawu pa Bluetooth. Ndipo chenjerani ndi zotchipa zolembedwa noise cancelling pabokosi, zambiri akutanthauza maikolofoni ya poyimba foni, amalemba ENC, imathandiza amene mukuyankhula naye kuti akumveni bwino osati makutu anu. Yeniyeni amalemba ANC ndipo ili ndi batani loti mukadina mumamva injini ikuzilala pompo. Kwa ndalama zochepa ine ndikuti tsatirani a Sawundi.

Mayi_a_Tadala

Mwana wanga, ine ndaima pa mawu ako oti makutu akulira usiku, chifukwa ndimagwira ntchito ya zaumoyo ndipo ndimakumana ndi achinyamata ambiri a vuto lomweli. Kulira kumeneko ndi chenjezo loti makutu akuvulala. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi tomwe timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo, phokoso likachuluka timatopa, likapitirira timafa, ndipo tikafa sitimeranso, palibe mankhwala ake kapena opaleshoni yotibwezeretsa. Choipa n'choti sizipweteka, munthu amangozindikira patapita zaka kuti pagulu sakumva bwino zomwe anzake akunena.

A World Health Organization amati munthu wamkulu angamvere mawu a 80 dB kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma zikafika 90 dB ndi maola 4 okha pa sabata, pa 100 dB ndi mphindi 20 basi. Timaplayer ndi mafoni ambiri ukakweza mpaka kumapeto timafika pa 100 kapena kuposa, ndiye werengera wekha ulendo wa ku 25 kupita ndi kubwera tsiku lililonse. Amanenanso kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo chotaya kumva chifukwa cha kamveredwe kotere.

Ndiye ugule zotseka khutu monga akuuzira achimwene akowa, koma cholinga chake chikhale chotsitsa voliyumu, osati kuti nyimbo izimveka mwamphamvu kuposa kale. Ukamata khutu n'kusiya voliyumu pomwe inali ndiye waonjezera vuto chifukwa mawu onse tsopano akulowa mkati osataika. Ika voliyumu uli kunyumba pa zii, pomwe ukumva bwino, isadutse pa 60 peresenti, ndipo ukakwera minibasi usaikhudzenso. Pakatha ola vula upumitse makutu kwa mphindi zingapo.

Za kushopu ndi nkhani ina. Ngati guraindala ikalira mumachita kukuwa kuti mnzako amene ali pafupi poti ungamugwire ndi dzanja akumve, phokosolo lafika kale cha m'ma 85 dB ndipo likukuvulaza ngakhale usanayatse nyimbo. Pamenepo chofunika ndi zotsekera m'makutu za siponji zomwe amagulitsa m'ma hardware, n'zotchipa, ndipo owotchererawo ndi anyamata a m'zigayo ndi omwe akufunika kuvala kuposa iwe, uwauze. Uzipukuta timphira kawirikawiri, osabwerekana ndi anzako, ndipo ngati khutu likutuluka mafinya kapena likupweteka usalowetsemo kanthu mpaka litapola. Kulirako kukapitirira upite ukayezetse, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College, a ku Blantyre amapita ku Queens.

Chikondi_Zomba

Ine ndisiyane nanu pang'ono, si aliyense amene amakwanitsa zolowa mkati, ine zimandiyabwa ndipo pakatha kanthawi khutu limatentha, ndinayesa masaizi onse koma ayi. Ndiye kwa anthu ngati ine zazikulu zophimba khutu lonse ndi zomwe zimatheka, bola zikhale zotseka kumbuyo, amati closed back. Pali zina zokhala ndi timabowo kapena kaukonde kumbuyo kwa sipika ngati Koss Porta Pro, zimamveka bwino kwambiri m'nyumba koma m'minibasi zimalowetsa phokoso lonse komanso oyandikana nanu amamva kwaya yanu yonse. Kuipa kwa zazikuluzi ndi thukuta mu Okutobala, komanso mukavala magalasi kapena mwaluka tsitsi lalikulu kushoni simata bwino ndiye phokoso limalowanso, komanso zimaonekera patali ndipo m'depoti munthu atha kungotsomphola.

Koma chomwe ndafuna kunena kwambiri n'choti zilizonse mungagule, mukatsika minibasi vulani. Makabaza a njinga zamoto masiku ano amadutsa paliponse ngakhale mbali ya oyenda pansi, ndipo khutu lotsekedwa bwino lija silimva hutala. Ngakhale m'minibasi momwemo muzikhala tcheru pa siteji yanu ndi chenji chanu.

NaPhiri_wa25

Zikomo kwambiri nonse, amayi ndamva ndipo voliyumu ndatsitsa kuyambira lero, siponji za ku hardware ndikagulanso. Ndaganiza zoyamba ndi zolowa mkati za waya. Koma a Sawundi ndifunsenso, mnzanga wa ku shopu anandibwereka zake za mphira kuti ndingoyesa (ndinapukuta kaye amayi) ndipo zoona phokoso linachepa kwambiri, kungoti pa ka MP3 kanga mawu a woimba amamveka kutali ngati ali m'chitsime, zida zokha ndi zomwe zimamveka, koma ndikasolola pulagi pang'ono kapena kudina batani la pa waya zimakhala bwino. Pa foni yake zimamveka bwinobwino. Ndiye kuti ka MP3 kanga kawonongeka?

Sawundi_Kawale

Ayi asisi sikanawonongeke, yang'anani pulagi ya mnzanuyo muwerenge timizere takuda kapena toyera tozungulira. Mupeza titatu, kutanthauza kuti ili ndi maikolofoni, ndi ya foni. Ya nyimbo zokha imakhala ndi tiwiri. Pa ya titatu gawo la ground (pobwerera magetsi a masipika onse awiri) ndi la maikolofoni zili moyandikana, ndipo makampani sanagwirizane kuti chiti chikhale pati, mafoni akale a Nokia anali ndi dongosolo lawo lotchedwa OMTP pomwe ambiri a masiku ano amatsata CTIA. Bowo la player likakhudza gawo la maikolofoni m'malo mwa ground, mawu omwe ali pakati (omveka mofanana m'makutu onse awiri), omwe nthawi zambiri ndi a woimba, amafafanizika n'kutsala zida za m'mbali, ndipo mukadina batani lija mumalumikiza magawo awiriwo n'chifukwa chake zimabwerera. Nthawi zina limakhala fumbi la m'thumba lomwe ladzaza m'bowo moti pulagi sikufika kumapeto, ndiye zimitsani kaye ka player muchotse ndi kamtengo kotokosera m'mano pang'onopang'ono, osati singano.

Pogula pitani nako ka MP3 komweko mukayesere pa shopu musanapereke ndalama, musankhe za timizere tiwiri ngati zilipo poti maikolofoni simukuifuna, ndipo pulagi ikhale yopindika ngati L chifukwa yowongoka imathyoka msanga m'thumba mukakhala mothinana m'minibasi. Muonenso kuti m'bokosi muli timphira tonse titatu, ena amachotsamo n'kumagulitsa padera. Poyesa tulukani panja pa msewu pomwe pali phokoso, ikani phunziro lanu la Baibulo lija osati nyimbo, voliyumu pa theka, ngati mukumva mawu onse osachita kutchera khutu tengani zimenezo.